Mzere wa Choko pa Gitala

Ine ndine telala, ndipo matelala tili ndi nthenda imodzi: sitiona munthu, timaona miyeso. Kasitomala akamalowa pakhomo, asanapereke moni n'komwe, ine ndimakhala nditadziwa kale m'chiuno mwake, kutalika kwa mkono wake, ndi phewa limene lagwa kuposa linzake. Anthu amanama, makamaka amayi anzanga ikafika nkhani ya m'chiuno, koma tepi siinama. Ndiye amuna anga atatuluka m'chipatala n'kumauza aliyense wobwera kudzawazonda kuti achira, kwangotsala kufooka pang'ono, ine ndinkangovomereza ndi pakamwa. Maso anga anali atawayeza kale.

Bambo amenewa anali chimunthu. Ntchito yawo inali yowotcherera zitsulo: mageti, mafelemu a mawindo, mabedi. Chitsulo chimene anzawo ankanyamula awiri, iwo ankachiika paphewa okha. Tinadziwana chifukwa cha thupi lomwelo. Anabwera kudzasoketsa malaya poti m'masitolo simunkapezeka owakwana, ndipo nditafuna kuwayeza pachifuwa manja anga sanakumane kumbuyo. Ndinachita kuwazungulira ndi miyendo, tepi ili m'manja. Iwo anangoima chilili, maso kudenga, n'kufunsa kuti, "Mufika lero, kapena ndikudikireni kutsogolo kuno?" Malaya aja ndinawasoka, ndipo mwini wake sanachokenso.

Chimene sanandiuze n'chakuti kunyumba anali kale ndi mkazi. Ndinamupeza atapachikidwa pamsomali pabalaza: chigitala chachikulu, chofiirira, cha m'chiuno mwabwino ndi matako oposa anga, mimba yakuya yoti ukalankhulira pabowo lake mawu amakubwerera. Ndinkamutcha mkazi mnzanga, ndipo sindinkaseka. Zidutswa zanga za nsalu zofewa zinkasowa, n'kukapezeka zikumupukuta iyeyo. Dzuwa lisamuwombe, chinyezi chisamufike, ana asamukhudze ndi manja a mafuta. Tsiku limene tinkasamukira m'nyumba ino, makina anga osokera, amene ankatidyetsa, anakwera kumbuyo kwa lole pamodzi ndi mapoto, koma dona uja anakhala kutsogolo pamiyendo pa amuna anga. Nkhani imeneyo ndawakumbutsa zaka zambiri, ndipo sindinathane nayo.

Shopu yanga ndi chipinda chakumaso kwa nyumba yathu. Chitseko chimodzi chimatulukira kumsewu, china chimalowera pabalaza. Akaweruka madzulo, dzuwa lisanalowe, ankasamba n'kukoka mpando wawo kuuika pakhomo lapakatilo, mkazi mnzanga ali pamwendo. Ine kuno ndikuponda makina, iwo uko akuliza nsambo. Ndinkadandaula kuti akundisokosera, kuti makasitomala aziganiza kuti alowa m'bala. Koma phazi langa silinkamva zimenezo. Linkatsata nyimbo, iwonso ankatsata phazi langa, moti ulusi ukaduka nyimbo nayo inkaima, iwo n'kutukula mutu kudikira kuti ndilowetse wina pasingano. Nyimbo ankadziwa zochepa. Imene ankaikonda anaipeka okha pofuna kundiputa, yonena za telala amene aliyense amamuuza kuti abwere mawa. Makasitomala anaiphunzira, ndipo ena ankalowa akuiimba podzatenga zovala zimene ndinali ndisanazidule n'komwe.

Kenaka anadwala. Sindifotokoza zambiri. Anawang'amba pamimba, anawapatsa mankhwala amene ankawachititsa kudana ndi fungo la chakudya, ndipo munthu amene anabwerera kunyumba anali theka la amene ndinamuzungulira ndi tepi uja. Kolala inkayandama pakhosi. Msoko wa paphewa unkagwera pamkono. Akamadutsa pagalasi ankafulumira, ngati munthu wopewa mnansi amene anakangana naye.

Ndiye ndinayamba kubweza malaya awo mwakabisira. Akagona masana, kapena mwana wathu wamkazi akawaperekeza kuchipatala, ndinkatenga amodzi m'kabati, kumasula misoko ya m'mbali ndi ya m'mapewa, kulemba mzere watsopano ndi choko, n'kusoka. Nsalu yotsalayo sindinkaidula. Ndinkaipinda m'kati n'kuisita kuti igone, isamawakande. Ndikatha ndinkawapachikanso pahang'ala pamalo pomwe ndinawatenga. M'mawa ankavala, kumanga mabatani, n'kudzigunda pachifuwa.

"Mwaona, a Telala? Akundikwanabe. Madokotalawa amangoopseza anthu."

"Eee, akukukwanani bwino," ndinkatero, maso ali pasingano.

Malaya ena ndinawabweza kawiri. Mwana wathu anandipeza tsiku lina ndikumasula msoko, n'kundifunsa kuti ndibisa mpaka liti. Ndinamuuza kuti akadzakwatiwa n'kukhalitsa m'banja ngati ine adzabwere adzandifunsenso.

Madzulo ena ndinamva mpando uja ukukokedwa. Sindinacheuke. Ndinkaonera pagalasi lalitali limene makasitomala amadziyang'anirapo. Anatsitsa gitala pamsomali, kuipukuta, n'kukhala. Gitala ija inatsetsereka pantchafu poti panalibenso mnofu woigwira. Anaikokera kwa iwo, m'mphepete mwake n'kuwadinda pachilonda cha pamimba paja, ndipo ndinaona nsagwada zikulumana. Mkono wamanja, umene kale unkangogwera pamwamba pa chimimba chija, tsopano unkachita kukwera chitunda: chigongono m'mwamba, phewa kufika kukhutu, dzanja n'kumangofika pansambo ndi nsonga za zala. Analiza pang'ono, mawu akutuluka bwinobwino, kenaka mkono unayamba kunjenjemera. Anasiya.

"Zala zaiwala," anatero, osalankhula ndi ine kwenikweni. "Basi, nyimbo zandithera."

Zala sizinaiwale kanthu. Ine ndinaona ndi maso anga kuti gitalayo inali itawakulira, monga mmene malaya anawakulira. Koma mwamuna amene ankanyamula geti yekha ungamuuze bwanji zimenezo? Ndinangoluma ulusi n'kuweramira pamakina. M'mawa mwake ndinasoka kapilo koti aziika pantchafu kuti gitala isamatsetsereke, n'kukasiya pampando wawo osanena kanthu. Anakanyamula ndi zala ziwiri.

"Aka n'ka chiyani? Ndafika poikiridwa mapilo ngati khanda?"

"N'kosungirapo masingano," ndinanama, n'kukalanda.

Kuyambira pamenepo nyumba inati zii. Ine amene ndinadandaula za phokoso moyo wanga wonse ndinapeza kuti sinditha kusoka popanda phokosolo. Phazi linkathamanga, kenaka n'kuzengereza, misoko n'kumakhota, mpaka mayi wina anabwera ndi diresi lake kudzandifunsa ngati ndayamba kumwa. Ndinkaopa, ndinene mosabisa. Matendawo sindinkawaopa ngati mmene ndinkaopera zimene ndinayamba kuona: amuna anga anayamba kugawa zinthu. Chigoba chotchinga maso powotcherera anapatsa mnzawo wakuntchito. Majombo anapatsa mlonda wa pamsewu wathu. Ankagawa akumwetulira, n'kumati zinthu zisamangokhala. Ndipo tsiku lina ndinawamva pafoni akulankhula ndi mng'ono wawo, alamu anga, amene amakhala m'tauni ina ndipo akagwira gitala amaimenya ngati yawabera.

"Ubwere Loweruka udzatenge gitala ija. Ikungodya fumbi kuno. Ayi, usakane, ndatsimikiza."

Ndinaimitsa makina. Majombo apite, chigoba chipite, koma ndinadziwa kuti mkazi mnzanga akatuluka pakhomo lija, amuna anga adzakhala atatsanzika. Zaka zonse ndinkalakalaka atachoka, ndipo tsopano ndinali wokonzeka kugona chopingasa pakhomo kuti asadutse.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lachinayi m'mawa mwana wathu atawatenga kupita kuchipatala, ndinatseka shopu n'kugoneka gitala ija patebulo lodulira nsalu. Aka kanali koyamba kuigwira ndi manja awiri. Ndinatenga malaya amene ndinabweza komaliza, kuwayala kumbuyo kwake monga mmene munthu amakhalira poimba, n'kugwetsa mkono wa malayawo pamwamba pa gitala kuti ndione pamene chigongono chikufuna kupindikira. Zinali zoonekeratu. M'matako munafunika kuchotsa ndithu, mbali zonse ziwiri kuti zifanane, ndipo mimba inafunika kuphwa pang'ono. Ndinatenga choko changa choyera n'kulemba mzere wosalala, wokhota bwino, ndi timitanda tosonyeza podula. Ndinabwerera m'mbuyo kuti ndiuone. Unali mzere wabwino, ndisaname.

Musandiseke msanga. Kwa ine chinthu chikakula chimabwezedwa. Jekete ya malemu imabwezedwa kuti mwana avale, diresi la ukwati limabwezedwa, ngakhale chipewa ndinabwezapo. Ndinkadziwa kuti thabwa sililowa pamakina, sindine chitsiru, koma ndinkati alipo amisiri ake okhala ndi macheka ndi guluu.

Ndinaikulunga m'nsalu ya makatani a kasitomala wina n'kukwera basi. Kondakitala anafuna kuti ndilipire mipando iwiri, ndipo ndinamuuza kuti mkazi mnzangayu akhala pamiyendo panga, ngati iye wamukonda amukwatire. Basi yonse inaseka kupatula ine.

Mmisiri wa magitala ndinamupeza nditafunsafunsa, kuseri kwa sitolo ya mawailesi, kumapeto kwa kanjira koti awiri sangapishane. Kachipinda kake kankanunkha guluu ndi utuchi. Pakhoma panali magitala opanda nsambo, ena opanda makosi, ndi ena atsopano ogulitsa, akadali m'mapepala apulasitiki. Mwini wake anali bambo wachikulire wa magalasi omangidwa ndi kawaya ka gitala pamene anathyoka. Nditamasula nsalu ija analiza likhweru.

"Iyitu ndiye gitala, mayi. Yatani? Khosi lapindika?"

"Siinatani. Ndikufuna muichepetse."

"Ndiichepetse?"

"Yakula. Mudule motsata mzerewu, ndalemba kale, simuvutika. Apa muchotse chonchi, uku chimodzimodzi, ndiye m'mimbamu muphwetse pang'ono."

Anayang'ana mzere, anayang'ana ine, anayang'ana tepi imene inali pakhosi panga, poti ndimaiwala kuivula ngakhale popita kuukwati. Kenaka anayamba kuseka. Anaseka mpaka kugwera pampando, kuvula magalasi, kutsokomola, n'kuyambiranso.

"Mayi inu! Ndinu atelala eti? Chiyambire ntchitoyi ndaona magitala okhalidwa, ogwa panjinga, ina mayi wina anaiswera pamutu pa mwamuna wake. Koma yobwera ndi choko, lero ndi loyamba."

"Mukamaliza kuseka mundiuze mtengo," ndinatero. Nkhope inali itanditentha.

"Pepani, mayi, pepani. Sizitheka. Taonani." Anagogoda pamimba pa gitala ndi chala, ndipo inayankha kuti duu. "Mawu amakhala m'mimbamu. M'katimu muli nthiti zogwira thabwali, chilichonse chinayezedwa ndi chinzake. Ndikadula pamene mwalembapa, ndikupatsani bokosi losungiramo mabatani. Gitala imabadwa ndi msinkhu wake."

Makutu anamva, koma mutu unali usanalole. Ndinali ndi mawu amene ndinawakonza m'basi muja, ndipo anatuluka okha.

"Ndimati zimene mudulezo musataye. Mundikulungire ndipite nazo. Mwini wake akadzanenepa tidzabwera kuti mudzaikulitsenso."

Bambo aja anasiya kuseka. Anavalanso magalasi n'kundiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ine ndinayang'ana kukhoma chifukwa maso anali atayamba kundiyabwa.

"Mwini wake ndi ndani?"

"Amuna anga."

"Adwala?"

"Adwala. Iwo akuti zala zaiwala. Si zala, ndi mkono. Sukufika."

Sanafunsenso. Anakwera pampando n'kutsitsa kagitala kamene ndinali ndisanakaone, kobisika pakati pa zikuluzikulu. Kanali kopyapyala, m'chiuno mowonda, mapewa otsetsereka, thabwa lake lotuwa lopanda maluwa kapena zonyezimira.

"Aka n'ka ana asukulu," ndinatero. "Amuna anga ndi munthu wamkulu."

"Si ka ana. Tagwirani khosi lake. Nsambo ndi zomwezo, zala zimagwira pomwe zimagwira pa yaikuluyo. Thupi lokha ndiye laling'ono. Anakapangira munthu woimba atakhala pampando m'nyumba mwake, osati woimbira chigulu. Inenso msana utayamba kundivuta, kotere ndi kamene ndimasunga kunyumba."

Ndinavula tepi. Ndinayeza m'matako, ndinayeza kuya kwa mimba, n'kuyerekeza ndi zimene ndinalemba pa yaikulu ija. Kanali kulowa m'kati mwa mzere wanga ngati ndinakajambula ndine.  Koma telala sagula chovala asanachitembenuze, ndiye ndinakapendeketsa chakukhomo kumene kunali kuwala n'kusuzumira pabowo. M'kati munali madontho a guluu ouma ndi thabwa losapalidwa bwino.

"Amene anapanga aka anali pachangu."

"Anali pachangu, n'chifukwa chake n'kotchipa. Thabwa lake si lapamwamba, ndipo paukwati akumbuyo sangakamve. Koma tamverani."

Anakachuna n'kuliza. Mkazi mnzanga akamalira mawindo ankanjenjemera, aneba n'kudziwa kuti bambo aweruka. Aka sikankafuula. Mawu ake anali apafupi, nsambo iliyonse ikumveka payokha, ngati munthu amene akukuuza nkhani muli awiri m'chipinda. Ndinaganiza za khomo lapakati lija, ndi kamtunda kochoka pampando wawo kufika pamakina anga. Sikankafunika kumveka patali kuposa pamenepo.

Mtengo wake unali wonga wosokera suti imodzi, ndipo ndalama zimene ndinatenga zoti ndidulitsire gitala ija zinakwana. Ndinanenerera ndithu, poti kusanenerera n'kunyoza wogulitsa, ndipo bamboyo anandiwonjezera nsambo zapadera. Pobwerera kondakitala wina anandiona ndi akazi anzanga awiri, koma nkhope yanga inamuuza kuti asayambe.

Ndinkati ndifika amuna anga asanabwere. Koma tsiku limenelo kuchipatala kunalibe anthu ambiri, ndipo nditalowa ndinawapeza atakhala pampando wawo akuyang'ana msomali wopanda kanthu. Mwana wathu anali chilili pakhomo la kukhitchini, maso ake akundiuza kuti zinthu sizili bwino.

"Mwakaigulitsa?" anafunsa osandiyang'ana. Mawu anali otsika. "Ndikudziwa kuti simunaikondepo, koma mukanadikira Loweruka."

Mawu amenewo anandilasa. Ndinamasula nsalu ya makatani ija mwaukali n'kuimika mkazi mnzanga patsogolo pawo.

"Nayu mkazi wanu, wabwera wamoyo."

Mpamene ndinaona kuti choko chija sindinachifufute. Mzere unali pomwepo, woyera, ndi timitanda take. Munthu amene wakhalitsa ndi telala safunsa tanthauzo la timitanda. Anautsata ndi chala kuchokera m'chiuno, kuzungulira, mpaka mbali inayo.

"Apa ndi podula?"

"Akana. Akuti sizitheka."

"Mumafuna kubweza gitala yanga."

"Yakukulirani." Mawu anatuluka ndisanawagwire. Madzi akatayika saoleka, ndiye ndinamasulanso kanzake kaja n'kukaika patebulo pafupi nawo. "Ndiye ndabwera ndi aka."

Anakayang'ana kamodzi kokha. "Mwandigulira chidole." Anadzuka pang'onopang'ono atagwira khoma, n'kulowa kuchipinda. Chitseko sanachimenyetse. Anachitseka bwinobwino, ndipo zimenezo n'zimene zinandipweteka.

"Amayi, inunso," mwana wathu ananong'ona. "Simukanawafunsa kaye?"

"Iwe, kaike madzi a tiyi pamoto."

Ndinakhala pamakina manja ali pamiyendo. Ndinatha miyezi ndikuwaveka bambowa kuti asachite manyazi, ndipo lero ndinawavula ndi liwu limodzi pamaso pa mwana wawo. Kuchipinda ndinkamva kabati ikutsegulidwa, mahang'ala akugundana. Ndinaganiza kuti akufuna jekete kuti atuluke, kapena akusankha zina zoti agawe.

Chitseko chitatseguka anatuluka atavala vesiti yokha, mafupa a m'khosi ali poyera, ndipo m'manja ananyamula malaya angapo otembenuzidwa. Anabwera mpaka pakhomo lapakati n'kundionetsa msoko wa m'mbali. Nsalu yopindidwa inali pamenepo, yogona bwino, ndi kachizindikiro ka choko kamene sopo sanakachotse.

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira mutatuluka m'chipatala."

"Onse?"

"Onse. Abuluuwo kawiri."

"Ndiye ine ndimadzigunda pachifuwa m'mawa uliwonse, inu mukungondionera."

"Ndimafuna muzituluka m'nyumba ngati munthu wovala zake," ndinatero.

Anakhala pampando wawo. Anapindula nsalu ya m'kati ija ndi zala n'kuiyeza ndi chikhatho. Inali yambiri, yokwana chimunthu chija chonse.

"Ine ndakuonani mukubweza zovala za anthu zaka zonsezi. Mumasoka, n'kudula zotsalazo, n'kuponya m'thumba la zigamba. Izi bwanji simunadule?"

"Mudzazifuna."

"Adokotala anakuuzani zimenezo?"

"Sanandiuze kanthu. Ine sindikudziwa, bambo. Ndimatenga sizasi, dzanja limakana." Apa mawu anandithawa ndipo ndinalira, kulira kwenikweni kwa mamina, pamaso pa mwamuna amene ndinalumbira kuti sadzaona msozi wanga mpaka atachira. "Kwa mmisiri kuja ndinanenanso kuti zodulazo asataye, tidzazifuna. Anandiseka."

"Anakusekani?"

"Mpaka kutsokomola."

Ndinamva kaphokoso n'kutukula mutu. Amuna anga ankaseka, mapewa owonda aja akugwedezeka, dzanja lili pachilonda kuti chisapweteke, nawonso misozi ikutsika.

"A Telala inu," anatero. "A Telala inu. Mukanandidulira mkazi wanga."

"Ndikanamudula bwino. Mzerewo mwauona."

"Mzere ndi wabwino," anavomera.

Anavala amodzi mwa malaya aja chotembenuza chomwecho, misoko ndi nsalu yopindidwa ija zili kunja, osamanga mabatani. Kenaka anatambasula dzanja.

"Tione chidole chanuchi."

Anakatembenuza, kukagogoda, kusuzumira pabowo monga ndinachitira ine, n'kupukusa mutu kuti guluu ali mbwee. Anakaika pantchafu, ndipo kanakhala. Sikanatsetsereke, sikanafike pachilonda. Mkono wamanja unagwera pamwamba pake wokha, phewa lili pamalo pake, chigongono chitapindika pomwe mkono wa malaya unandisonyeza m'mawa muja. Ine ndinaona, iwonso anamva m'thupi.

Anapotokola timakutu ta nsambo akudandaula kuti mmisiriyo sadziwa kuchuna. Kenaka zala zija zimene ankati zaiwala zinayenda zokha pakhosi pa kagitala, ndipo nyimbo ya telala wa mawa inatuluka, yotsika, yoyera, yongokwana zipinda zathu ziwirizi. Mwana wathu anatulukira ndi makapu a tiyi n'kuima pomwepo.

Anaimitsa nsambo ndi chikhatho. "Iwe, uwaimbire foni bambo ako aang'ono. Uwauze asavutike kubwera Loweruka. Wamkuluyo abwerere pamsomali wake."

Ndinadzuka ndi kansalu kuti ndifufute choko ndisanamupachike.

"Musafufute. Musiyeni choncho, adikire pamodzi ndi malayawa."

Ndinamupachika ndi mzere wake n'kubwerera pampando wanga. Analizanso, n'kusiya. Analizanso, n'kusiyanso, ndipo mtima wanga unatsika poganiza kuti mkono uja wayambanso. Koma anali akundiyang'ana mutu atautukula, monga ankachitira ulusi ukaduka.

"Nanga mukudikira chiyani? Ine ndiimba bwanji chonchi? Pondani makinawo."

Pansi pa singano panalibe nsalu, ndipo maso anga sankaona n'komwe pamene panali singanoyo. Ndinasolola ulusi, ndinaika phazi, n'kuponda.